Lufina wa Mathiraki

Inu amene mwakhala pansi lero mukuona ngati dziko lakufulatirani, imvani za mayi wina wa ku Bwanje, m'boma la Ntcheu. Dzina lake ndi Lufina. Nkhani yake si yokoma kumva, ndipo ine sindiithira shuga.

Tsiku limene mwamuna wake anatuluka m'chipatala, sanabwere akuyenda. Anamutsitsa m'minibasi atamugoneka pa matiresi, n'kumukweza m'ngolo ya ng'ombe kuti akafike kumudzi. Lufina ankayenda m'mbali mwa ngoloyo atagwira ambulera, kuti dzuwa la kuchigwa lisamuotche kumaso.

Mwamunayo anali Silvester, dalaivala wa thiraki. Kwa zaka zambiri ankayenda njira ya ku Beira kukatenga katundu wa kampani ina ya ku Blantyre. Ulendo wina mabuleki anakana potsika chitunda, thiraki inagubuduzika. Moyo unatsala, koma msana unathyoka. Madokotala ananena mosabisa kuti kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sadzamvanso kanthu.

Kampani inatumiza munthu kamodzi kuchipatala, atanyamula paketi ya shuga ndi mawu achipepeso. Kenako inangoti zii.

Kwawo kwa Silvester kunali ku Mlangeni, kumtunda, koma anamanga kwa mkazi wake ku Bwanje. Anali ndi ana awiri, wamkulu mtsikana dzina lake Tisunge. Lufina sukulu analekezera ku pulayimale. Chimene ankadziwa ndi kulima mpunga pa kachigawo kake ka kusikimu ya ulimi wothirira.

Kusamala munthu wogona si ntchito yoti n'kuifotokoza bwino pagulu. Lufina ankamutembenuza, kumusambitsa, kumusintha zogonera, ndi kumubereka kumbuyo popita naye kuseri. Kutentha kwa ku Bwanje sikunawachitire chifundo. Pasanathe miyezi yambiri Silvester anatuluka zilonda kumsana ndi m'chiuno, ndipo m'nyumba munayamba fungo. Anansi amene poyamba ankalowa kudzazonda anayamba kupereka moni ataima pabwalo.

Nyengo yowokera mpunga inadutsa Lufina ali m'nyumba. Akomiti ya kusikimu anati munda sungagone chabe madzi akudutsa, ndipo chaka chimenecho anaupereka kwa wina. Wailesi inapita. Njinga inapita. Mbuzi zinapita imodziimodzi mpaka khola linatsala ndi ndowe zokha.

Achibale a ku Mlangeni anabwera kamodzi. Mchemwali wake wa Silvester, a Maness, anayang'ana m'nyumba monse, anapemphera mwachidule, n'kunena kuti kumtunda nakonso zinthu zavuta. Madzulo asanakwane anali atakwera kale minibasi.

Silvester anasiya kulankhula. Munthu amene kale ankadzaza nyumba ndi nkhani za m'misewu ankangoyang'ana kudenga. Tsiku lina masana, ana ali kusukulu, anapempha mkazi wake kuti amusiyire pafupi botolo la mankhwala opopera mpunga. Anati akufuna kuthamangitsira nyerere.

Lufina anamva chimene chinali kuseri kwa mawuwo. Anatenga botololo n'kukaliponya m'chimbudzi. Pobwerako anakhala pansi pafupi ndi mutu wake.

"Abambo a Tisunge," anatero, "yafa ndi miyendo. Mutu wanuwu ndi pakamwa panupa ndikuzifunabe m'nyumba muno."

Silvester anatembenuzira nkhope kukhoma.

Chinthu chimodzi chimene sanagulitse chinali foni yakale ya Silvester, yong'aluka galasi. Anzake a pamsewu ankaimbabe mwa apo ndi apo. Mmodzi wa iwo, dalaivala wachikulire dzina lake Maynard, tsiku lina anaimika thiraki pamsewu wa ku Salima n'kuyenda wapansi kudzamuona. Pocheza anadandaula kuti wakatsitsa simenti ku Salima ndipo akubwerera ku Blantyre wopanda kanthu. Anati mafuta akungopsa ponyamula mphepo, ndipo mwini thiraki wayamba kuwopseza kuti aiimika.

Lufina anali pakhomo akuchapa nsanza za wodwala. Anakumbukira kuti dzulo lake, popita kukapempha gaga kuchigayo cha mpunga, anamva mwini chigayo akukalipa pafoni. Matumba anali ataunjikana mpaka kudenga, wogula akudikira ku Limbe, koma galimoto yonyamula inkangolonjeza osabwera.

Anapukuta manja n'kunena zimenezo, mwamanyazi, ngati wolowerera nkhani za amuna.

Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, Silvester anadzutsa mutu. Anafunsa ngati mpungawo unali wopuntha kale, kukula kwa matumba, ndi kumene akatsitse. Lufina sankadziwa. Anathamanga kuchigayo kukafunsa, anabwerera, anathamanganso. Dzuwa lisanapendeke, matumba anali m'thiraki ya a Maynard, mwini thiraki atavomera pafoni. Mwini chigayo anapatsa Lufina kangachepe, a Maynard nawonso chimodzimodzi. Tsiku limenelo anagula sopo, mankhwala a zilonda ndi ufa.

Kwa amene simuidziwa ntchitoyi, imayenda chonchi. Mwini katundu sadziwa thiraki imene ikubwerera chabe. Mwini thiraki sadziwa kumene kuli katundu wodikira. Wapakati ndi amene amawalumikiza, kukambirana mtengo, kuyang'anira pokweza, ndi kulondola ulendo mpaka katundu atafika. Anthu otere ambiri amawatcha madobadoba, ndipo dzinali silinunkhira bwino, chifukwa ena akalandira zawo amazimitsa foni.

Silvester anayamba kumuphunzitsa ali chigonere. Anamuuza kuti asamagwirizane ndi dalaivala yekha, mwini thiraki asanamve. Anamuuza kuti tenti yophimbira katundu aziitambasula n'kuiyang'anitsa kudzuwa, chifukwa kabowo kosaoneka pansi kamaoneka kumwamba. Azigwada n'kuona matayala. Azikwera kumbuyo n'kununkhiza, poti thiraki imene yangotsitsa feteleza singanyamule chakudya isanasesedwe. Asamalole kudzaza mopitirira, chifukwa kusikelo ya pamsewu akagwidwa, wochedwa ndi katundu wa mwini. Ndipo dalaivala wosamudziwa azimujambula laisensi ndi nambala ya galimoto.

Anagawana ntchito. Silvester anali pakamwa, akuimbira anzake a pamsewu kufunsa amene ali chabe. Lufina anali miyendo. Ankadzuka m'mawa, kumusambitsa, kumusiyira madzi ndi foni pafupi, n'kuuyamba wapansi kuzungulira zigayo, magolosale ndi mashopu a zomangira, kufunsa amene ali ndi katundu wotumiza kapena wokatenga.

Musaganize kuti anthu anamuombera m'manja. Mkazi woimitsa mathiraki pamsewu anthu amamupatsa dzina limodzi lokha, ndipo nonse mukulidziwa. Azimayi a kutchalitchi anayamba kusuntha pabenchi iye akakhala. Madobadoba aamuna a pamsika ankamutsekereza njira, kumulanda makasitomala pamaso pake, ndipo wina anamukankhira m'ngalande anthu akuseka. Dalaivala wina anamuuza kuti mtengo akakambirane m'kati mwa thiraki, zitseko zitatsekedwa. Lufina anakana, ndipo katundu wa tsiku limenelo anamutaya. Anafika kunyumba wopanda kanthu, ana anagona ndi phala la gaga.

Panali masabata athunthu opanda katundu ndi mmodzi yemwe. Panali masiku amene thiraki inalonjeza osabwera, iye n'kumatukwanidwa ndi mwini katundu dzuwa lonse. Koma sanazimitsepo foni. Zikavuta ankapita yekha kukanena kuti zavuta, n'kuyamba kufunafuna galimoto ina mwini katundu akuona.

Pang'onopang'ono amalonda anayamba kuuzana. Mwini chigayo anauza wa shopu ya malata. Wa malata anauza wogula nandolo. Chaka chachiwiri Lufina anagulira mwamuna wake njinga ya olumala yogwiritsidwapo kale ntchito. Silvester anayamba kukhala panja pamthunzi, foni kukhutu, akukangana ndi madalaivala za mitengo. Tsiku lina Lufina akuchokera kumsika anamumva akuseka ali patali. Anaima panjira kaye, kuti asamusokoneze.

Koma pamene m'nyumba muja munayamba kununkhira ndiwo, kunja kunayamba manong'onong'o ena. Anthu ankafunsana kuti nyumba ya munthu wolumala ingadye bwanji nyama, ya anthu amiyendo ikudya masamba. Ena anati ngozi ija sinali ngozi. Anati mkaziyo anakhwimira mwamuna wake, ndipo mwamunayo akamavutika m'pamene malonda amayenda. Mawuwa anakwera mapiri mpaka anakafika ku Mlangeni.

Chaka chachitatu, gulu la azimayi olima mpunga kusikimu linatopa ndi mavenda ogula motchipa pakhomo. Mtsogoleri wawo, mayi Tisungane, munthu wachikulire wosalankhulalankhula, anapeza wogula ku Lilongwe. Azimayiwo anasonkhanitsa zokolola zawo zonse za m'chilimwe, anapunthitsa, anasoka matumba. Unali mpunga wa fizi ya ana, wa feteleza wa m'dzinja, wa malata a nyumba. Mayi Tisungane anapita kwa Lufina n'kumuuza kuti thukuta la gulu lonse akulisiya m'manja mwake.

Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Inalinso nyengo imene mitambo imayamba kusonkhana. A Maynard anali kutali, ndiye Lufina anagwirizana ndi thiraki ina ya dalaivala wachilendo, n'kupangana tsiku lokweza.

Sabata yomweyo zilonda za Silvester zinalowa m'kati. Thupi linatentha, anayamba kubwebweta, akutchula mayina a malo a m'njira ya ku Beira. Anathamangira naye kuchipatala, koma magazi anali ataipa kale. Anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti mpunga ukwezedwe.

Achibale anabwera kudzatenga thupi kupita nalo ku Mlangeni. Lufina anakwera nawo, maso atatupa, osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Kumbuyo ku Bwanje thiraki inafika monga mwa pangano, ndipo azimayi anakweza okha. Panalibe wotambasula tenti. Panalibe wogwada kuona matayala.

Mawa lake masana, Lufina ali m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, foni imene anaimangirira kunsonga ya chitenje inayamba kunjenjemera. Anaisiya. Inanjenjemeranso, ndi kunjenjemeranso. Anakwawa pakati pa azimayi oimba nyimbo za maliro, n'kutulukira kuseri kwa nyumba.

Anali dalaivala uja. Thiraki inali itafa pokwera mapiri opita ku Dedza, pamalo opanda nyumba. Tenti inali itang'ambika pakati, ndipo kumwamba kunali kutada bii.

Lufina anapukuta misozi. Ankadziwa thiraki ina imene inali chabe ku Dedza, ndipo mwini wake anali ndi tenti yatsopano. Ikananyamuka nthawi yomweyo ikanafika mvula isanagwe. Anayamba kufufuza nambala.

Asanaimbe, dzanja linatsomphola foniyo. Anali a Maness. Ulemu wonse wa pachilamu anausiya pomwepo, n'kukuwa kuti anthu onse a pamaliro amve.

"Mchimwene wanga ali m'bokosi, iwe uli kuseri kuno ukuchita malonda? Si zimene ankanena anthu zija izi? Wamudya, ndipo sunakhute!"

Nyimbo zinaima. Anthu anatuluka kudzaona. Lufina anagwada pansi pafumbi, anagwira mapazi a mlamu wakeyo, akupempha kuti amulole kuimba kamodzi kokha, poti mpungawo si wake, ndi wa anthu. Palibe anamva. Akuluakulu a banja anagamula kuti foni isungidwe mpaka mwambo wonse utatha, ndipo namfedwa abwerere m'nyumba.

Anabwerera. Atangokhala pansi pafupi ndi bokosi, madontho oyamba anayamba kugunda malata. Mvula inagwa tsiku lonselo ndi lotsatira. Azimayi ankaona Lufina akulira mosatonthozeka, ena n'kumati ndi chisoni, ena n'kumati ndi manyazi. Ankalirira zonse ziwiri, mwamuna wake ndi mpunga umene ankaumva ukunyowa kuphiri.

Foni anamubwezera maliro ataikidwa. Achibale anamuuza kuti za kumeta ndi kusudzula achita okha mwachangu, asavutike n'kubweranso. Lufina anatumiza ana kwa mayi ake ku Bwanje, iye n'kukwera galimoto kupita kumene kunafera thiraki, akadali m'nsalu yakuda.

Fungo linamulandira asanafike. Matumba anali atafufuma, mpunga utasanduka wachikasu, wina utayamba nkhungu. Dalaivala anali atakhala pamwala, wanjala, akuyembekeza kutukwanidwa. Wogula wa ku Lilongwe atamva, anati asavutike n'kubweretsa.

Apa m'pamene madobadoba ambiri amathawira. Lufina anali ndi chifukwa chomveka, ndipo akanatha kupita kwa achibale kutali n'kusintha nambala. M'malo mwake anapeza thiraki ina, anathandiza kusamutsa matumba onyowawo ndi manja ake, n'kukwera pamwamba pake kubwerera ku Bwanje.

Azimayi anali atasonkhana pachigayo. Thumba loyamba litamasulidwa, kunabuka kulira ngati maliro achiwiri. Wina anadzigwetsa pansi. Wina anamulavulira Lufina pa nsalu yake yakuda ija. Mayi Tisungane anatapa mpungawo m'manja, anaununkhiza, n'kuubwezera m'thumba.

Lufina sanatchule dzina la a Maness, ndipo sanaloze dalaivala. Anangoti katunduyo anali m'manja mwake ndipo wawonongeka m'manja mwake.

Masiku otsatira ankafika pachigayo m'mawa kudzayanika nawo mpungawo, kuutembenuza, kusankha wowola. Palibe ankamulankhula. Akakhala mbali ino, anzake ankasunthira mbali inayo. Umene unapulumuka unagulidwa motchipa ndi ofulula mowa ndi oweta nkhumba.

Chaka chimenecho m'nyumba zambiri munalowa njala. Mtsikana wina amene anasankhidwa kupita kusekondale sanapite. Mayi wina anamenyedwa ndi mwamuna wake n'kuthamangitsidwa, chifukwa ndiye anaumirira kuti asagulitse kwa mavenda. Lufina ankazimva zonsezi, ndipo ankakumana ndi anthuwo kuchitsime tsiku ndi tsiku.

Katundu anasiyiratu kubwera. Mwini chigayo akamuona ankalowa m'kati. Tisunge anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamuuza kuti mayi ake ndi mfiti yodya amuna ndi mpunga. Kuti ana adye, Lufina anayamba maganyu opalira m'minda ya kusikimu, nthawi zina m'minda ya azimayi omwewo. Ankawerama m'matope tsiku lonse, mutu pansi.

Dzinja lonse linatha choncho. Foni anaiika pansi pa sutikesi.

Mvula itasiya, a Maynard anaimikanso thiraki pamsewu n'kubwera kudzapepesa maliro. Anamupeza atawonda, mapazi atang'ambika. Lufina anawauza kuti za mathiraki anasiya, ndipo sakufunanso kumva.

A Maynard anati, "Alamu, kuno akukunenani zoipa, ndamva. Koma kumene timaima ife madalaivala, nkhani ndi ina. Akuti kuli mayi wina anachoka pamaliro a mwamuna wake n'kubwera kuthiraki yakufa, m'nsalu yakuda, kudzanyamula matumba owola. Ine ndakalamba pamsewu, wapakati wotero sindinamuonepo. Mathiraki alipo. Chasowa ndi inu."

Patapita masiku Lufina anatulutsa foni ija n'kukaitchajitsa.

Ku Bwanje kunalibe womupatsa katundu, ndiye anayamba kukwera kupita ku Ntcheu boma ndi ku Champiti, kumene sankamudziwa. Ndipo anachita chinthu chimene anzake anati ndi misala. Akafika kwa wamalonda aliyense, asananene za mtengo, ankayamba ndi kudziulula.

"Ndine uja mpunga wa azimayi a ku Bwanje unawolera m'manja mwake. Ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena. Mukalola, ndikuuzani zimene ndimachita tsopano kuti zisachitikenso."

Ambiri ankamuthokoza n'kumuonetsa khomo. Wa shopu ina ya zomangira, munthu wokayikira aliyense, anamuyesa ndi matumba ochepa a simenti ochokera ku Blantyre. Anafika ouma, tsiku limene anapangana. Anamupatsanso malata. Kenako anamutchula kwa mnzake wogula chimanga ku Champiti.

Lufina anasintha kagwiridwe kake. Phindu loyamba anagulira tenti yakeyake, yolemera, imene ankayenda nayo pa kabaza kulikonse kokweza katundu. Sankatumizanso thiraki popanda kudziwa ina imene ingathandize ikafa panjira. Anapita kukafunsa za inshuwalansi ya katundu, anthu a mu ofesi akumuyankha monyinyirika, iye n'kumafunsabe mpaka anamvetsa, ndipo anayamba kulimbikitsa amalonda kuti katundu wamkulu asamayende wopanda chitetezo. Anaphunzitsa mayi wina wamasiye ntchito yonse n'kupereka nambala yake kwa madalaivala, kuti tsiku limene iye sangayankhe, pakhale woyankha.

Sizinayende msanga. Panali chaka cha kusowa kwa mafuta, pamene mathiraki ankagona pamizere ndipo amalonda ankamukalipira ngati ndiye watseka mapampu. Panali dalaivala amene anatsitsa matumba ena panjira n'kunama kuti anagwa, ndipo Lufina anayenda maulendo ambiri kupolisi mpaka katundu anapezeka. Panali masiku amene ankafika kunyumba n'kukhala pakhomo osatha ngakhale kuvula nsapato.

Koma dzina lake linayamba kuyenda patsogolo pake. Ogula nandolo, a zigayo, a mashopu a zomangira, alimi a mbatata ya kachewere a kumtunda, onse anayamba kunena kuti ukafuna katundu afike, imbira Lufina wa mathiraki. Analembetsa bizinesi yake kuboma. Anachita lendi kachipinda ku Ntcheu boma, kokhala ndi tebulo, mipando ndi matenti opindidwa pakona. Ana anawasamutsira komweko.

Tsiku lina m'mawa, zaka zitadutsa, pakhomo pa kachipindako panaima mayi wachikulire atanyamula kachikwama. Anali mayi Tisungane. Chichitikire za mpunga zija anali asanalankhulanepo.

Lufina anaimirira, anawapatsa mpando, iye n'kukhala pansi. Anaganiza kuti abwera kudzatsitsa mawu amene anawasunga zaka zonsezo.

Mayiwo anafotokoza kuti gulu lija linapasuka chaka cha tsoka chija, ndipo azimayi anabwerera kwa mavenda. Tsopano alidzutsanso, ndi ochepa, ndipo apezanso wogula ku Lilongwe. Pamsonkhano atafunsa za wonyamula, anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Ena anati bola kutaya mpunga mumtsinje kusiyana n'kuupereka kwa Lufina.

"Ine ndinawauza kuti mpunga wanga ndi umene unawola wambiri kuposa wa aliyense," anatero mayi Tisungane. "Sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Koma pa anthu onse amene anatilakwirapo, ndinu nokha munabwera kudzanunkhiza nafe chowolacho. Tabwera, mwana wanga. Mukatinyamulire."

Lufina anaphimba nkhope ndi chitenje. Analira nthawi yaitali, mayiwo atangomugwira phewa.

Tsiku lokweza anafika ku Bwanje thiraki isanafike. Anatambasula tenti kudzuwa azimayi onse akuona, anakwera kumbuyo, anagwada pa tayala lililonse. Matumba atamangidwa, anakwera kutsogolo pafupi ndi dalaivala n'kupita nawo yekha mpaka ku Lilongwe. Mpunga unafika wouma. Wogula atamasula thumba loyamba n'kugwedeza mutu movomera, Lufina anaimbira mayi Tisungane, ndipo kumbuyo kwa mawu awo ankamva nthungululu.

Lero Lufina alibe thiraki ngakhale imodzi, koma sabata iliyonse katundu wa amalonda ambiri amayenda pa mawu ake, kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina. Walemba ntchito anthu angapo, ambiri mwa iwo azimayi amasiye. Tisunge ali kukoleji.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Silvester sanaione ofesi ija. A Maness mpaka lero akakumana naye amayang'ana kumbali, ndipo ana sadziwa bwino kwawo kwa bambo awo. Ku Bwanje alipobe amene amati chuma chake n'chokhwimira. Mtsikana uja amene sanapite kusekondale anakwatiwa ali wamng'ono, ndipo Lufina akamuona pamsika mtima umamupwetekabe.

Munthu wina anamufunsapo kuti chisoni chonsecho chinatha liti kuti ayambirenso. Anayankha kuti, "Sichinathe. Ndinangophunzira kudzuka nacho m'mawa n'kupita nacho kuntchito."

Ndiye inu amene mukudikira kuti ululu uyambe watha, kuti anthu ayambe asiya kukunenani, kuti dzina lanu liyambe layera, mudzadikira mpaka kukalamba. Mwina munagwa chifukwa cha ena. Mwina munagwetsa zinthu za anthu ndi manja anu, ndipo manyazi akukutsekerani m'nyumba. Tulukani. Pitani mukaime pamaso pa amene munawakhumudwitsa, mukanene zoona, mukagwire kantchito kakang'ono kamene angakupatseni, ndipo mukakagwire bwino. Mawa mukagwirenso kena.

Katundu wanu ndi wolemera, ndikudziwa. Mumangeni bwino, munyamuke naye. Osataya mtima.